Inshuwalansi ya matenda aakulu ku South Africa: imalipira liti, imakana liti

Amalawi ambiri a ku Joni ali ndi inshuwalansi ya maliro, kapena ali m'kagulu kosonkherana, chifukwa aliyense amadziwa mtengo wonyamulira thupi kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka kukalowera pa Mwanza. Imfa tinaikonzekera. Chomwe sitinakonzekere ndi kudwala koma osamwalira. Taganizani za bambo woyendetsa thiraki amene wagwidwa sitiroko, wagona m'chipatala milungu itatu, watuluka dzanja lamanja lili lende. Ya maliro ija siimupatsa kanthu, pajatu ali moyo. Ntchito yathera pomwepo, landilodi akufuna lendi, ana akufuna fizi, kumudzi akudikira ya feteleza. Inshuwalansi ya matenda aakulu anaipangira munthu ameneyu, ndipo ikalipira imalipira bwino: ndalama nthawi imodzi, m'akaunti yanu, popanda wokufunsani malisiti. Nkhani yagona pa mawu akuti "ikalipira".

Inshuwalansiyi inabadwira ku South Africa komweko. Christiaan Barnard ndi amene anayamba padziko lonse kuika mtima wa munthu wina m'chifuwa cha wodwala, ku chipatala cha Groote Schuur mu Disembala 1967, ndipo mng'ono wake Marius, nayenso dokotala wa mtima, anali m'gulu lomwelo. Marius ankaona odwala ake akupulumuka pa opaleshoni n'kukagwera mu umphawi, ena n'kubwerera kuntchito thupi lisanalimbe. Anakakamira a inshuwalansi mpaka kampani ya Crusader Life inayamba kuigulitsa mu 1983, ili ndi matenda anayi okha: khansa, heart attack, sitiroko ndi opaleshoni yolambalalitsa mitsempha ya mtima, imene madokotala amati bypass. Lero makampani onse akuluakulu ali nayo. Old Mutual, Sanlam ndi Discovery Life amaitcha severe illness, Momentum imaigulitsa pansi pa Myriad, Liberty imati Living Lifestyle, PPS imagulitsa kwa anthu a madigiri a kuyunivesite okha. Anthu achikulire amanenabe dzina lakale, dread disease.

Musaisokoneze ndi zinzake, poti maejenti ena amalankhula ngati zonse ndi phala limodzi. Medical aid, monga MASM kwathu, imalipira chipatala ndi dokotala. Gap cover imakwirira pamene dokotala walipiritsa kuposa zomwe medical aid imavomera. Hospital cash plan imawerenga masiku amene mwagona m'chipatala, ndipo kwa wodwala khansa ndi yofooka, chifukwa chithandizo cha khansa, kemo ndi radiotherapy, nthawi zambiri munthu amalandira akuchokera kunyumba. Income protection imakupatsani ndalama mwezi ndi mwezi mukalephera ntchito. UIF, thumba la boma lothandiza antchito malipiro akaduka, nayo imathandiza wodwala, koma imapereka pakati pa 38 ndi 60 peresenti ya malipiro, ndipo powerengera imalekezera pa R17 712 pamwezi ngakhale mumalandira yoposa apo. Ya matenda aakulu siiyang'ana bilu ya chipatala, siiyang'ananso ngati mukugwira ntchito. Imayang'ana zimene dokotala walemba, n'kuziyerekeza ndi zimene zili m'chikalata. Ndalama yake siidulidwa msonkho.

Katebulo ka mabokosi 16

Munthu akasaina amaganiza kuti wagula chitetezo ku "khansa" monga timaitchulira tikamacheza. Chimene wagula ndi ndime zolembedwa m'chinenero cha madokotala, ndipo kukana kochuluka kumachokera m'ndime zimenezi. Kale kampani iliyonse inkatanthauzira matenda mwa iyo yokha, moti kuyerekeza kunali kosatheka. Mu 2009 bungwe la makampaniwa, ASISA, linakhazikitsa matanthauzo ofanana a matenda anayi aja, n'kugawa nthenda iliyonse m'magawo anayi: A yoopsa kwambiri, kenako B, C, ndipo D yopepukirapo. Kampani ya m'bungweli iyenera kukuonetsani katebulo kosonyeza peresenti yomwe ingalipire pa nthenda iliyonse pa gawo lililonse. Matenda anayi, magawo anayi, mabokosi 16. Kamabwera pamodzi ndi quotation, kawirikawiri kumasamba akumapeto kumene anthu safikako.

Tiyerekeze kuti anthu awiri agula aliyense ya R500 000. Wina katebulo kake kali ndi 100 m'mabokosi onse. Mnzakeyo kake kakuti 100, 75, 50, 25. Onse awiri awapeza ndi khansa ya m'mawere pa siteji 1, yomwe ndi gawo D. Woyamba alandira R500 000, wachiwiri R125 000. Wachiwiriyu sanaberedwe, amalipira yochepa pamwezi, ndipo matenda akakula kufika gawo lina kampani imawonjezera yotsalayo. Koma ngati ankawerengera theka la miliyoni kuti atseke ngongole ya nyumba, wagwa chagada. Palinso mapangano otchipa amene m'bokosi la D muli 0.

Maso anu ayambire pa mzere wa D. Chifukwa chake ndi ichi: munthu wosamala, amene amapita kukayezetsa, ndi amene matenda amawapeza akadali aang'ono. Inshuwalansi yolipira zonse pa siteji 4 pokha imathandiza amasiye kuposa mwini wake, ndipo ntchito imeneyo inshuwalansi ya moyo imaigwira kale pa mtengo wotsikirapo. Makampani ena amapitiriza magawo kutsika, monga Discovery Life imene imafika pa G, kuti matenda ang'onoang'ono azipeza kangachepe, 15, 10 kapena 5 peresenti. Zimenezo ndi zabwino, bola zisakuiwalitseni kufunsa za D.

Khansa. Kampani imafuna lipoti la ku labotale, la kachidutswa ka mnofu kamene anadula n'kukaunika, histology. Kalata ya dokotala yongoti akuganizira khansa siikwanira, sikani yokhanso kawirikawiri siikwanira. Pa zotupa zambiri siteji 4 ndi gawo A, siteji 3 ndi B, siteji 2 ndi C, siteji 1 ndi D. Khansa za m'magazi zili ndi kagawidwe kakekake. Zimene tanthauzoli limasiya kunja ndi zitatu zofunika kuzidziwa. Choyamba ndi carcinoma in situ, maselo oipa amene sanabowole kulowa mu mnofu wapansi, ena amati siteji 0. Chachiwiri ndi khansa zapakhungu, kupatula melanoma yolowa m'kati. Chachitatu ndi khansa ya prostate yongoyamba kumene, imene pa muyeso wa Gleason ili pa 6 kapena kutsika ndipo siinakule.

Choyambacho chimakhudza amayi athu kwambiri. Malawi ili m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero ndi yochuluka koposa padziko, ndipo kuyezetsa Pap smear kumagwira maselowa asanasanduke khansa yeniyeni. Lipoti limabwera litalembedwa CIN 3, dokotala amachotsa kagawo ka khomo la chiberekero, mayi amachira. Kuchipatala imeneyo ndi nkhani yokoma. Ku inshuwalansi, pansi pa tanthauzo la khansa, palibe cholipira. Mapangano okwerako mtengo ali ndi ndime ina ya khansa zoyambirira imene imapereka kaperesenti kochepa, koma werengani kuti ikutchula ziwalo ziti ndipo ikufuna opaleshoni yotani. Amene ali ndi pangano lakalekale aonenso ndime ya khansa yotchedwa Kaposi sarcoma, poti akale ambiri ankaichotsa ngati munthu ali ndi HIV.

Heart attack. Apa akutanthauza kufa kwa gawo la mnofu wa mtima chifukwa mtsempha wopatsa mtimawo magazi watsekeka. Umboni wake ndi zizindikiro zimene wodwala anamva, kusintha kwa mizere ya pa ECG, ndi kukwera kwa troponin m'magazi. Troponin imatuluka mnofu wa mtima ukavulala, imakwera patangopita maola ochepa, ndipo imatsika yokha pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Ndiye onani chimene chimachitika: munthu wamva chifuwa chikufinya, thukuta lili kamukamu, dzanja lamanzere likuwawa, iye n'kumati ndi mpweya wa m'mimba, wamwa mapilitsi, wagona. Akupita kuchipatala patatha milungu itatu. Waika moyo pachiswe, komanso umboni wa m'magazi wapita. Chipsera cha pamtima chingaoneke pa sikani, koma claim yoteroyo, pempho loti kampani ilipire, imakhala ya mkangano. Kupweteka kwa chifuwa kumene sikunaphe mnofu, angina, sikuwerengedwa ngati heart attack.

Magawo apamwamba, A ndi B, amayeza patatha milungu 6 kuti aone ngati mtima wafookeratu. Pa sikani ya mtima amaona kuchuluka kwa magazi amene mtima umatulutsa pa kugunda kulikonse. Mtima wabwino umatulutsa kuposa theka la magazi amene ali m'chipinda chake chachikulu. Gawo A limafuna kuti nambalayo itsike pansi pa 30 peresenti. Chithandizo cha masiku ano chimatsegula mtsempha msanga, moti anthu ambiri amachira bwino n'kugwera pa C kapena D. Mwaonatu kufunika kwa mabokosi a C ndi D aja.

Pa bypass kagawidwe n'kosavuta: mitsempha itatu kapena kuposa ndi A, iwiri ndi B, mtsempha waukulu wakumanzere ndi C, umodzi wina uliwonse ndi D. Msampha ndi woti madokotala tsopano amakonda kulowetsa kachubu kudzera pamkono kapena m'mphechepeche n'kusiya stent, kawaya kotsegula mtsempha, osang'amba chifuwa. Stent si bypass. Pangano la matenda anayi okha silingalipire pokhapokha ngati panali heart attack yotsimikizika.

Sitiroko imafuna kuti zizindikiro, monga kufa ziwalo, kupindika pakamwa kapena kulephera kulankhula, zipitirire maola 24, ndiponso sikani ya ubongo ionetse kuti pali mnofu wowonongeka. Kasitiroko kongodutsa, TIA, kamene munthu amabwerera bwinobwino tsiku lomwelo, sikalipiridwa. CT yojambulidwa m'maola oyamba nthawi zina siionetsa kanthu ngakhale mtsempha watsekekadi. MRI ndiyo imaona bwino, choncho ngati CT yatuluka yoyera koma zizindikiro zilipo, kambiranani ndi dokotala za sikani yachiwiri. Gawo lenileni amaliyeza patatha miyezi itatu, poona zimene munthu angathe kudzichitira. Wolephera zinthu zitatu kapena kuposa mwa zofunika kwambiri, monga kusamba, kuvala, kudya yekha ndi kupita kuchimbudzi, ali pa A. Wochira pafupifupi kwathunthu ali pa D. Banja lidziwiretu kuti ndalama ya sitiroko ingachedwe miyezi itatuyo, ndipo ndi miyezi yomweyo imene fizio imafunika kwambiri. Pangano lolipira 100 pa magawo onse lili ndi ubwino wina pamenepa: kawirikawiri sipakhala chifukwa chodikirira kuti aone gawo.

Nanga mabulosha onena kuti ali ndi matenda 200 kapena 300? Chikomekome cha mkuyu. Chaka ndi chaka malipoti a makampaniwa amaonetsa khansa pamwamba, matenda a mtima pambuyo pake, kenako a ubongo ndi mitsempha. Mndandanda wautali uli ndi phindu lake, makamaka pa kufa kwa impso, kupsa ndi moto, khungu ndi ziwalo zoikirira, koma matenda 250 osowa sangabweze zomwe mwataya ngati bokosi la D la khansa lili ndi 25.

Yomata kapena yoima payokha

Inshuwalansiyi imagulitsidwa m'njira ziwiri. Yomata ku inshuwalansi ya moyo, imene amati accelerated, imatapa pa ndalama ya imfa. Muli ndi ya moyo ya R1 000 000 ndi ya matenda ya R400 000. Mukadwala n'kulandira R400 000, ana anu adzapeza R600 000. Ndi yotsika mtengo chifukwa kampani ikungokupatsiranitu ndalama imene ikanadzalipirabe. Yoima payokha siikhudza ya moyo, ndipo yambiri imalola claim yachiwiri pa nthenda yosagwirizana ndi yoyamba, monga khansa lero, sitiroko zaka zisanu zikubwerazo. Koma ili ndi lamulo lakuti mukhale ndi moyo masiku angapo nthenda itapezeka, kawirikawiri 14. Womwalira tsiku la 9 salandira kanthu pa imeneyi. Ndiye yoima payokha popanda inshuwalansi ya moyo pambali pake ndi nyumba yofolera mbali imodzi.

Kwa amene ali ndi ana aang'ono, yoima payokha ndiyo yabwino ngati thumba likulola. Munthu amene wadwalapo khansa kapena mtima savomerezedwanso msanga akafuna kuwonjezera inshuwalansi ya moyo, choncho imene yadulidwayo siibwerera, pokhapokha ngati pangano lili ndi ndime yoibwezeretsa popanda kuyezedwanso.

Ya kuntchito, ya gulu, ndi yotchipa ndipo nthawi zambiri sayeza magazi, koma imatha tsiku limene mwasiya ntchito. Funsani a HR ngati ili ndi mwayi woisandutsa yanuyanu pochoka, ndi masiku angati amene amapereka.

Mtengo umene mukuuona lero

Mtengo umadalira zaka, kaya ndinu mwamuna kapena mkazi, fodya, thanzi, ntchito, ndiponso, chimene ambiri chimawadabwitsa, maphunziro ndi malipiro anu. Ku South Africa makampani amaika anthu m'magulu potengera zimenezi, moti anthu awiri a zaka zofanana angapatsidwe mitengo yosiyana kwambiri. Ngati muli ndi digiri kapena dipuloma ya kwathu, itchuleni ndipo perekani umboni wake.

Chofunika kuposa nambala ya mwezi woyamba ndi kakweredwe kake. Pali premium (ndalama yolipira pamwezi) yokhazikika, imene imayamba yokwera koma imangosuntha mukawonjezera ndalama yotetezedwa. Pali yokwera ndi peresenti yoikika chaka chilichonse. Palinso yokwera ndi msinkhu, imene imayamba yotchipa zedi. Tiyerekeze kuti mwayamba ndi R400 pamwezi ndipo ikukwera 10 peresenti pachaka. Pakatha zaka 10 ili pa R1 037, pakatha zaka 20 yadutsa R2 690. Munthu amene anayamba ali ndi zaka 38 afika pamenepo ali ndi 58, msinkhu umene khansa ndi sitiroko zimakonda, ndipo ambiri amasiyira pomwepo chifukwa yalemera. Akasiya sabwezeredwa kanthu, poti inshuwalansi yamtunduwu si yosungira ndalama. Uzani ejenti akupatseni tebulo la premium ya chaka chilichonse mpaka zaka 65 kapena 70. Makompyuta awo amatulutsa, amangofuna wofunsa. Funsaninso kuti mtengo autsimikiza kwa zaka zingati, chifukwa nthawiyo ikatha kampani ili ndi ufulu wouwunikanso. Onaninso ngati chitetezo chikuthera pa zaka 65 kapena ndi cha moyo wonse.

Fomu yofunsira

Apa ndi pamene ma claim ambiri amafera zaka zambiri asanapangidwe. Kampani yochita zinthu mwadongosolo imatumiza nesi kudzakuyezani BP, kulemera ndi kutalika, kutenga magazi a shuga, mafuta a m'magazi ndi HIV, ndi kuyeza cotinine, imene imaulula wosuta ngakhale atakana. Vape, fodya wa m'mphuno ndi hubbly kawirikawiri zimakhala ndi nicotine. Musamati sindisuta chifukwa choti si ndudu. Koma nesi sayeza zonse. Zotsalazo amadalira mayankho anu: munauzidwapo kuti BP kapena shuga yakwera? Munayezedwapo chotupa? Bambo, mayi kapena abale a bere limodzi anadwalapo khansa, mtima kapena sitiroko asanakalambe?

Pa claim, makamaka ikabwera m'zaka zoyambirira, kampani imaitanitsa mafayilo kwa madokotala anu, ku medical aid ndi ku labotale. Ikapeza chimene simunanene, ndipo chikanasintha mtengo kapena chigamulo chawo, ingathetse pangano lonse ngakhale nthenda imene mwadwala ili yosagwirizana nacho. Mu 2018 dziko lonse linatekeseka ndi nkhani ya bambo wa ku Durban amene anawomberedwa ndi achifwamba, kampani n'kukana R2,4 miliyoni ya inshuwalansi ya moyo chifukwa sananene za shuga wokwera. Inadzalipira anthu atakwiya kwambiri, koma lamulo loti munene zonse silinasinthe, ndipo pa inshuwalansi ya matenda BP ndi shuga zimakhudzana mwachindunji ndi mtima ndi sitiroko, moti palibe amene angakuimireni.

Kwa ife pali chizolowezi chimodzi choopsa. Munthu anauzidwa ku kiliniki kuti BP yakwera, anamwa mankhwala miyezi iwiri, anamva bwino, anasiya, ndipo mumtima mwake "alibe BP". Ku inshuwalansi ameneyo ali ndi BP. Nenani. Chimene chingachitike ndi kukwezeredwa mtengo kapena kuchotseredwa nthenda imodzi, ndipo mudziwa pomwe mwaima. Ejenti akati "zimenezo zisiyeni, n'zazing'ono", ameneyo akuganiza za komishoni yake. Siginecha pafomupo ndi yanu. Yemwe ali ndi HIV ndipo akumwa ma ARV mokhulupirika angapeze inshuwalansi ya moyo ku South Africa masiku ano, koma pa ya matenda aakulu makampani amasiyana kwambiri, choncho funso limeneli lifunsidwe poyamba penipeni.

Zija zogulitsidwa pafoni, zoti palibe kuyezedwa, n'zosavuta kulowa koma zolimba potuluka. Zimakhala ndi miyezi yodikira, ndalama yake ndi yochepa, ndipo zimachotsa nthenda iliyonse imene munali nayo kale. Kufufuza kumene sanachite polowa amachita pa claim, inu muli pabedi.

Kwa mlendo

Makampani amasiyana pa nkhani ya mapepala. Ena amafuna chilolezo chokhala mpaka kalekale, ena amavomera pemiti yantchito imene ikugwira, ndipo onse amafuna akaunti ya banki ya ku South Africa yodulirapo debit order. Dzina ndi tsiku lobadwa zifanane ndendende ndi za mu pasipoti, ndipo pasipoti ikasintha nambala adziwitseni. Inshuwalansi yogulidwa ndi mapepala a munthu wina ndi ndalama yotaya m'madzi.

Funso limene ambiri safunsa ndi lakuti: ndikabwerera kumudzi, chitetezo chipitirira? Mapangano ena amafuna kuti muwadziwitse mukakhala kunja kwa dziko nthawi yaitali, ena amafuna kuti umboni utsimikizidwe ndi dokotala wolembetsedwa ku South Africa. Yankho likhale lolembedwa, osati la pafoni. Ndipo ngati nthenda yapezeka muli kwathu, ku Kamuzu Central kapena ku Queen Elizabeth, pemphani makope a lipoti la histology, ECG, zotsatira za magazi ndi zithunzi za sikani musanatuluke, poti kabuku ka kuchipatala kokha sikangakwanire. Dziwaninso kuti Old Mutual ya ku Blantyre ndi ya ku Cape Town ndi makampani awiri osiyana pamalamulo. Pangano la ku Joni limayendetsedwa ku Joni.

Nthenda ikafika

Dziwitsani kampani kapena ejenti wanu msanga, ngakhale mapepala asanakwane, chifukwa mapangano amaika malire a nthawi yodziwitsira. Adzakutumizirani mafomu awiri, yanu ndi ya dokotala wamkulu amene akukuthandizani. Fomu ya dokotalayo ndiyo imachedwetsa zinthu, makamaka m'zipatala za boma kumene dokotala mmodzi ali ndi mzere wa anthu. Pitani nayo pa tsiku la kiliniki, mutalemba kale mbali zonse zimene mungalembe nokha, ndipo muonetseni tsamba la tanthauzo kuti alembe siteji kapena manambala amene akufunidwa. Musasiye kulipira premium pamene claim ikuunikidwa. Malamulo oteteza ogula amapereka masiku osachepera 15 a chisomo debit order ikabwerera, koma munthu wodwala malipiro amaduka, akaunti imauma, pangano n'kufa mwakachetechete. Ngati kuntchito amalipira pa 25, debit order ikhale pa 26, osati pa 15.

Akakana, ayenera kulemba chifukwa. Muli ndi masiku osachepera 90 oti mutsutse kwa kampaniyo, ndipo iyo iyankhe pasanathe masiku 45. Potsutsa musalembe za mavuto a pakhomo. Lembani ndime ya tanthauzo ndi umboni umene ukuikwaniritsa, ndi kalata ya dokotala yoyankha mfundo yawo yeniyeniyo. Zikakanika, pitani ku National Financial Ombud Scheme, ofesi imene kuyambira pa 1 Malichi 2024 inaphatikiza maofesi akale a madandaulo a inshuwalansi, mabanki ndi ngongole. Ndi yaulere, siifuna loya, ndipo chigamulo chake kampani iyenera kuchitsatira. Ngati vuto ndi malangizo olakwika a ejenti, dandaulo limapita kwa FAIS Ombud.

Pa sitiroko pali chinthu china chimene mabanja amachidziwa mochedwa. Ndalama imalowa m'akaunti ya wodwala. Ngati ubongo wakhudzidwa moti sangathe kupanga ziganizo, chikalata cha power of attorney, chopatsa wina mphamvu yomuyendetsera zinthu, chimene anasainira mkazi wake chimatha mphamvu pa malamulo a ku South Africa, ndipo pamafunika kuti khoti kapena ofesi ya boma ya Master of the High Court asankhe woyang'anira chuma chake. Zimenezi zimatenga nthawi ndi ndalama. Njira ina yopewera ndi yoti mwini pangano akhale mnzanu wa m'banja, inu n'kukhala wotetezedwa. Kambiranani ndi mlangizi musanasaine, poti nazonso zili ndi zovuta zake banja likasokonekera.

Ndiye ndi yoyenera kugula? Kwa munthu wa malipiro okhazikika amene anthu ambiri amadya kwa iye, inde, koma ikhale yachitatu pamzere. Ya moyo iyambe, kenako income protection, imene imagwira pa matenda ndi ngozi zambiri kuposa zimene zili pa mndandanda, monga msana ndi kuthyoka. Ya matenda aakulu ibwere pamwamba pake kudzalipira zimene zinazo sizifikako: mankhwala amene medical aid yakana, thiransipoti ya tsiku ndi tsiku yopita ku radiotherapy kwa milungu isanu kapena isanu ndi umodzi, m'bale wochokera kumudzi kudzadwazika, kukonza bafa kuti njinga ya olumala ilowe. Kwa wa maganyu amene mwezi wina amapeza wina osapeza, sindingamulimbikitse. Pangano lidzafa lisanamuthandize, ndipo ndalamayo ikanakhala bwino m'akaunti yosungira.

Pa kuchuluka kwake, poyambira pabwino ndi ndalama imene pakhomo pamafunika kwa chaka chimodzi, kuphatikiza ngongole zazifupi. Banja lodya R18 000 pamwezi ndi R216 000 pachaka. Ndi ngongole ya galimoto ya R90 000 zikukwana R306 000. Ndi bwino kugula R300 000 yolipira 100 pa magawo onse a matenda anayi aja kusiyana ndi R600 000 yolipira 25 pa D, poti yachiwiriyo pa siteji 1 ikupatsani R150 000 yokha. Tengani ma quotation atatu kwa mlangizi wosamangika ku kampani imodzi, ndipo nambala ya laisensi yake, ya FSP, muiyang'ane pa tsamba la FSCA, bungwe la boma loyang'anira makampani a zachuma.

Chikalata chikafika muli ndi masiku 31 oti mubweze ngati simunakhutire. M'masiku amenewo pemphani kope la fomu imene inatumizidwa ku kampani, kapena mawu ojambulidwa ngati munagula pafoni, muwerenge yankho lililonse monga linalembedwera. Pomwe munati "inde, BP inakwerapo mu 2021" koma pafomu pachongedwa "ayi", lembani imelo tsiku lomwelo yokonza, ndipo yankho lawo mulisindikize n'kuliika mu envelopu imodzi ndi chikalatacho, pamalo pamene a kunyumba akupadziwa.